Ndani agwire chiwaya ku George Town?

Tili m'boti, mlongo wanga adandichenjezeratu kuti tikakocheza ku George Town ndisakayerekeze kufunsa munthu kuti lesitilanti yabwino ili kuti. "Mukandichititsa manyazi, achimwene. Kuno safunsa lesitilanti. Amafunsa kuti wokazinga bwino ndani, ali pa ngodya iti, ndipo lero watsegula kapena wagona." Ndidangoti kaya. Ana a masiku ano akangodya mpunga wakunja miyezi ingapo, basi asanduka aphunzitsi a akulu awo. Mwana amene ndinkamugulira zitumbuwa ku Ndirande, lero akundiphunzitsa kadyedwe!

Udali mwezi wa Novembala, chaka cha 2024. Ndidapita ku Kuala Lumpur ku kamsonkhano ka atolankhani, ndipo ndinene poyera kuti tikiti adalipira ndi eni msonkhano, chifukwa mtolankhani wosalembedwa ntchito ngati ine, amene malipiro a ndakatulo zake amakhala mawu oti "mwalemba bwino achimwene", ndege amangoiona ikutsika pa Chileka. Msonkhano utatha ndidatsala ndi masiku anayi. Ndidakwera sitima yamagetsi pa KL Sentral n'kuyenda maola anayi ndi kanthu pakati pa minda ya kanjedza wa mafuta yosaoneka polekezera, mpaka kukafika pa Butterworth. Pamenepo mpomwe mlongo wangayo, amene panthawiyo ankaphunzira pa Universiti Sains Malaysia, adandichingamira kuti tiwolokere limodzi pa chilumba cha Penang. Za dziko la Malaysia ndinkadziwa zochepa zedi: dzina la Mahathir, nsanja ziwiri zija za Petronas, ndiponso kuti kampani yathu ya mafoni ya TNM idayamba mu 1995 ndi dzanja la Telekom Malaysia. Za m'mbale mwawo sindinkadziwa kanthu.

M'mawa mwake adanditengera ku malo amene amati kopitiam. Dzinali lili ndi makolo awiri: kopi ndi khofi m'Chimalay, pamene tiam ndi sitolo m'Chihokkien, chiyankhulo cha Matchaina ambiri a pa chilumbachi. Tingoti ndi tiyirumu, koma si tiyirumu ija ya kwathu ya benchi limodzi ndi sikono wa dzulo. Ndi chipinda chapansi cha nyumba yakale ya pa ngodya, chopanda khoma mbali ziwiri zoyang'ana kumsewu. Kudenga mafani akuzungulira mwaulesi. Pansi pali matebulo ozungulira a mwala woyera wosalala, mipando ina yamatabwa yoti idaona nkhondo, ina yapulasitiki. M'mphepete monse, pamene khonde likumana ndi msewu, pandanda tingolo tazitsulo, kalikonse ndi mbaula yake, chiwaya chake, utsi wake ndi mwini wake. Ophika oterewa kumeneko amawatcha hawker, liwu lomwe lija ife tidalipinda n'kukhala okala.

Tsono mverani m'mene zimayendera, chifukwa ine zidandizunguza mutu. Mwini kopitiam saphika ndiwo. Iye amagulitsa zakumwa, buledi ndi mazira basi. Malo otsalawo amachititsa lendi kwa ophika asanu, asanu ndi mmodzi, kwina mpaka khumi, ndipo aliyense wa iwo amadziwa chakudya chimodzi chokha. Wina moyo wake wonse ndi msuzi wa ma prawns. Wina ndi mpunga wa nkhuku. Wina ndi phala la mpunga. Iwe umayamba wapeza tebulo, kenako n'kuyendera tingolo tija kukaitanitsa chimene mtima wafuna. Sulipira pomwepo. Umangoloza komwe wakhala, kapena kutchula nambala ya tebulo ngati ilipo, n'kubwerera kukakhala. Chakudya chikafika mpomwe umapisa m'thumba, mbale iliyonse kulipira mwini wake. Tebulo limodzi la anthu anayi likhoza kulandira chakudya kuchokera kwa ophika anayi, ndipo mbale sizisokonekera pakuti aliyense ali ndi mtundu wake, uyu zobiriwira, uyu zofiira, uyo zoyera. Lamulo ndi limodzi: wakhala pampando, gula chakumwa, chifukwa mpandowo ndi wa mwini khofi. Malo ena adachita kukhoma chikwangwani choti wosagula chakumwa alipire kangachepe ka mpando.

Ndidafunsa mlongo wanga kuti nanga munthu akaitanitsa n'kuthawa? Adandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi. "Athawiranji asanadye, achimwene?"

Khofi wake ndi wina. Nthanga amazikazinga ndi shuga ndi majarini mpaka zide bii, ndipo posefa amagwiritsa ntchito kathumba kansalu konga sokosi, kodetsedwa ndi zaka. Kuitanitsa kwake nakonso ndi sukulu. Ukati kopi, akupatsa wa mkaka wa kondensi. Kopi-O ndi wakuda wa shuga. Kopi-O kosong ndi wakuda wopanda kanthu, wa anthu odwala shuga ndi ouma mtima. Kopi-C ndi wa mkaka wa m'chitini uja wosatsekemera. Ukawonjezapo liwu loti peng, akubweretsera wa ayisi. Mnyamata wolandira maoda amangofuula zonsezi kumbuyo mopanda kulemba, ndipo zimabwera ndendende. Ine, mwana wa dziko lolima tiyi ku Thyolo ndi khofi ku Misuku, ndidaima kakasi ngati wa Sitandade 1 tsiku lotsegulira.

Malo adali odzaza, choncho tidakhala pa tebulo la agogo ena aamuna, Mtchaina, atavala kabudula ndi malaya am'kati, nkhope itabisika m'nyuzipepala ya zilembo za kwawo. Kumeneko ukaona mpando wopanda munthu umangofunsa ndi mutu n'kukhala, palibe zoti tebulo ili ndi lathu. Adatibweretsera buledi wowotcha wopaka batala ndi kaya, jamu wophika ndi mazira, shuga ndi mkaka wa kokonati, wonunkhiritsa ndi tsamba la pandan. Pambali pake padali mazira awiri m'kambale, ofunditsa chabe, oyera ake akadali madzi. Ndidawayang'ana n'kuganiza kuti wophika waiwala ntchito. Agogo aja adatsitsa nyuzipepala. Osanena kanthu adatenga kabotolo ka msuzi wakuda wa soya, kudonthezera m'kambale mwanga, kuwazamo tsabola woyera, n'kundionetsa ndi chala kuti ndivundule kenako ndiviike buledi. Ndidamvera. Nditameza adagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza, n'kufunsa m'Chingerezi kuti kwathu n'kuti. Nditati Malawi adati, "Mali?" Ndidati ayi. Adaganiza pang'ono n'kuti, "Africa," nkhani n'kuthera pomwepo, iwo n'kubwerera m'nyuzipepala.

Potuluka ndidayamba kuyamikira ulemu wa anthu a kumeneko. Mlongo wanga adandidula. "Pa tebulo amakulandirani, achimwene. Kafuneni nyumba ya lendi muone. Ine pa foni ankati chipinda chilipo, ndikafika n'kundiona nkhope, chipinda chapita kale." Adanena izi mosakwiya, ngati akunena za mvula. Mawu amenewo adandikhala m'khutu masiku onse anayi.

Kopitiam yomweyo idabadwa ndi alendo. George Town idayamba mu 1786 pamene Francis Light wa kampani ya Angerezi ya East India adatenga chilumbachi kwa Sultan wa ku Kedah. Doko lidakoka anthu ngati nyerere pa shuga: Matchaina a Chihokkien, a Chiteochew ndi a Chikantoni, Amwenye a Chitamil, Aluya, ndi ena a m'zilumba zoyandikana. Matchaina a ku chilumba cha Hainan adafika mochedwa, n'kupeza malonda onse onona atagwidwa kale ndi anzawo. Chotsala chidali ukhukhi m'nyumba za azungu ndi m'zombo. M'makhitchini amenewo ndimo adaphunzirira kuwotcha buledi, kupaka batala ndi kufulula khofi, ndipo atasunga kandalama adatsegula malo awoawo. Agogo athu aja ankaphikira azungu ku Zomba, ku Salisbury ndi ku Joni nkhani imeneyi akadaimva popanda womasulira.

Koma chimene chandilembetsa nkhani ino si khofi. Ndi kangolo kamene kadali pa ngodya penipeni, pamene utsi unkatulukira kumsewu. Mwini wake adali mkulu wa zaka mwina 70, msana utayamba kupindika, thaulo lili pakhosi. Aliyense ankangomuti Uncle. Ankakazinga char koay teow, chakudya chimene anthu a ku Penang amanyada nacho monga a ku Mangochi anyadira chambo. Ndi zingwe zophwatalala za ufa wa mpunga, zokazinga pa moto waukali wa makala ndi mafuta a nkhumba, adyo, tsabola, ma prawns, tinkhono ta m'nyanja yamchere, soseji wa Chitchaina, mphukira za nyemba ndi dzira, ena amafuna la bakha. Mkuluyo ankakazinga mbale imodzi nthawi imodzi. Mzere ufike kumsewu, anthu ayang'ane mawotchi, iye sasakaniza mbale ziwiri m'chiwaya chimodzi. Mphindi ziwiri kapena zitatu, chitsulo chikulira pa chitsulo chinzake, lawi likunyambita m'mphepete, basi wapakula. Kafungo ka moto kamene kamatsalira m'chakudyacho Akantoni amakatcha wok hei, ndiye kuti mpweya wa chiwaya. Musati n'zachilendo. Inu nomwe mumadziwa kusiyana kwa nsima ya pa nkhuni ndi ya pa hotipuleti, ngakhale ufa utachokera m'thumba limodzi.

Kumbuyo kwa mkuluyo kudali mnyamata wa zaka za m'ma 20, wakuda khungu kuposa ena onse kupatula ife awiri. Ndiye ankasenda ma prawns, kukupiza makala, kuthamanga ndi mbale, kulandira ndalama, kutolera mbale zakuda n'kukatsuka. Koma ndidaona kanthu. Akaima kudikira mbale, maso ake sankakhala pa mbaleyo, ankakhala pa dzanja la mkulu uja. Mkulu akapendeketsa chiwaya, dzanja la mnyamata nalo linkapendekeka lokha m'malere. Mkulu akagwedeza chipande, chala cha mnyamata chinkagwedezeka pa ntchafu. Mwini wake sankadziwa n'komwe kuti thupi lake likuphika.

Atabweretsa mbale yanga ndidamulipira maringgit 9 n'kumufunsa kwawo. Adati Bangladesh, ndipo pa kangolo kameneko adali atagwirapo zaka zisanu ndi chimodzi. Chingerezi chake ndi changa zidakumana pakati. Ndidamufunsa ngati amatha kukazinga. Adayamba wacheukira kwa bwana wake, kenako n'kutsitsa mawu.

"Ndimatha, boss. Koma makasitomala akaona ine pa chiwaya amabwerera. Ndiponso akuti lamulo likubwera."

Lamulo lake ndi ili. Mu 2014 boma la Penang, nduna yaikulu ali Lim Guan Eng, lidalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 2016 munthu wochokera kunja kwa dzikolo asakhalenso wophika wamkulu pa tingolo ta zakudya. Kusenda, kuduladula, kutsuka ndi kuperekera angathe, koma chiwaya agwire mwini dziko. Chifukwa chimene adapereka n'choti akuteteza kakomedwe ka zakudya za Penang. Lamulolo lidagwira makamaka m'malo odyera a khonsolo. Ndiye mu 2024, miyezi yochepa ine ndisanafike, khonsolo ya mzindawo idalengeza kuti ikufuna kuti lifikenso m'makopitiam ndi m'malo ena a anthu wamba, ndipo idatchula zakudya 13 zoti mlendo asaphike, mwa izo char koay teow, asam laksa, hokkien mee ndi nasi lemak. Limeneli ndilo lamulo limene mnyamata uja ankalimva likubwera ngati mvula ya kuphiri.

Musaganize kuti n'zamasewera. Ku Penang chiwaya ndi mgodi. George Town idalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a mbiri mu 2008, pamodzi ndi Melaka. Mu 2011 a CNN adaika asam laksa pa nambala 7 mwa zakudya 50 zokoma kwambiri pa dziko lonse, ndipo nditaulawa msuzi umenewo, wa nsomba yofwafwaza, bwemba, chinanazi ndi tsabola, wowawasa mpaka kutulutsa misozi, sindidawatsutse. Mu 2022 buku la Michelin lidayamba kuyendera Kuala Lumpur ndi Penang, ndipo m'masamba mwake mudalowa ngakhale ophika a m'mbali mwa msewu. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Singapore, ku Jakarta, ku Hong Kong, kudzaima pa mzere wa mkulu wa thaulo pakhosi. Kakomedwe kakasintha, ndegezo zikatera kwina.

Ndiye mbali ina ndimawamvetsa. Ndidadyapo nsima yophika munthu amene adaiphunzira atakula, ndipo ngakhale adatsata zonse, idali phala louma. Pali zinthu zimene lilime limaphunzira munthu akadali kumsana. Palinso dandaulo lenileni loti eni tingolo ena amatenga malo angapo, n'kuikapo alendo olipidwa mochepa amene awaphunzitsa sabata imodzi, iwo ali phee kunyumba kuwerenga ndalama. Zoterezo zimapha chakudya, zimaphanso mlendoyo.

Koma tsiku lachiwiri, titakhalanso pa tebulo la agogo a nyuzipepala aja, ndidawafunsa za ana a mkulu wokazingayo. Apa mpomwe adapinda nyuzipepala n'kuiika pansi. Adati wamwamuna ndi injiniya ku Bayan Lepas, wamkazi ali ku Singapore. Bayan Lepas ndi kum'mwera kwa chilumbacho, kumene mu 1972 boma lidatsegula dera la mafakitale, ndipo makampani a zamagetsi monga Intel adamangako. Kuyambira pamenepo ana a ophika akhala akulowera kumeneko, m'zipinda zozizira, atavala zoyera. "Ndani angaime pa moto maola asanu ndi atatu ali ndi digiri?" adatero agogowo. Ndipo adawonjeza kuti mkuluyo sadandaula, pakuti adakazinga zaka zonsezo n'cholinga chomwecho, choti ana ake asadzakazinge. Ndidakumbuka mayi anga ndi beseni lawo la mandasi. Nawonso ankadzuka 3 koloko kuti ine ndisadzadzuke 3 koloko.

Tsono funso lidatsala lili pa tebulo pakati pa makapu athu. Ana safuna chiwaya. Makasitomala safuna dzanja la mlendo. Mkulu msana ukupindika. Munthu yekhayo pa dziko lapansi amene wayang'ana dzanja limenelo tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu ndi chimodzi, amene akudziwa kulira kwa mafuta akapsa ndi mtundu wa makala akafika, ndi amene akuuzidwa kuti malire ake ndi beseni lotsukira. Paja akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Sadanene kuti tichite naye bwanji mlendo amene kalumo kake wanolera pa mwala wathu womwe.

Madzulo a tsikulo tidapita ku Gurney Drive, kumene kuli bwalo lalikulu la zakudya, lapanja, tingolo tambirimbiri titazungulira nyanja ya matebulo apulasitiki. Kale anthu ankadya mafunde akuomba chapafupi, koma kuyambira 2016 adayamba kukwirira gombelo ndi mchenga, ndipo nyanja idasunthira kutali. Mlongo wanga adati eni mzinda amati kumeneko n'kwa alendo odzaona malo, mitengo yake ndi yokwera, ndipo zoona chakudya chake sichidandigwire mtima ngati cha pa ngodya paja. Chimene ndidapitira n'kuona m'mene amakhalira. Tidatengana ndi mnzake wa mlongo wanga, mtsikana wa Chimalay, Msilamu, wa mpango kumutu. Iye m'kopitiam ya m'mawa ija sakadadyamo chifukwa cha mafuta a nkhumba, ndipo palibe amene amakwiya nazo, aliyense amadziwa. Pa Gurney pali mbali ya tingolo ta halaal ndi mbali ya tingolo ta Matchaina. Ife tidakhala cha kumbali ya halaal, n'kudya pasembur, zokazingakazinga zothira msuzi wofiira wa mbatata ndi mtedza. Ndidafunsa mtsikanayo ngati agogo ake ankalowa m'makopitiam. Adati agogo ake aamuna ankamwa khofi m'sitolo ya Mhainan tsiku lililonse kumudzi kwawo, koma masiku ano anthu amayamba ayang'ana chikwangwani cha halaal pakhomo. Sadanene kuti n'zabwino kapena n'zoipa. Nane sindinena.

Pobwerera tidadzera ku New Lane, msewu umene madzulo amautseka kuti magalimoto asadutse, ophika n'kukankhiramo tingolo tawo, matebulo n'kuyalidwa pa tala penipeni. Apa ndidamva kansanje, ndisaname. Ndidakumbuka 2006, pamene mavenda a m'mizinda yathu adasesedwa m'misewu pa Operation Dongosolo. Anzathuwa nawo adalimbana ndi mavenda awo, koma ambiri adawamangira malo a madzi ndi magetsi, kuwapatsa malayisensi, ndipo pena adangovomereza kuti usiku msewu ndi wa anthu anjala. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Malo amene ndidaona mitundu yonse itakhala pamodzi popanda kuyang'ana chikwangwani ndi kwa amamak, Amwenye a Chitamil a Chisilamu. Liwu loti mamak lidachokera ku liwu la Chitamil lotanthauza malume. Malo awo ambiri satseka usiku, ndipo cha m'ma 11 koloko mumapezamo Mmalay, Mtchaina, Mmwenye ndi ife a ku Africa, onse makosi ali m'mwamba kuonera mpira wa ku England, m'manja muli teh tarik, tiyi wa mkaka amene amamutsanula kuchokera m'kapu ina kupita m'inzake, mkono uli m'mwamba, mpaka achite thovu. Chakudya chawo chachikulu ndi nasi kandar. Nasi ndi mpunga, kandar ndi mtengo wonyamulira katundu paphewa. Makolo awo ankayenda ndi mtengo umenewo, mphika wa mpunga mbali ino, mphika wa ndiwo mbali inayo, kukagulitsa kwa amtengatenga a pa doko ku Weld Quay. Sitolo ya Hameediyah pa Campbell Street imawerenga zaka zake kuchokera mu 1907. Ukafika umaloza nkhuku, nsomba kapena therere, ndipo ukanena kuti banjir, kutanthauza chigumula, amakuthirira misuzi yonse pamodzi mpaka mpunga umire. Amadya ndi manja. Nditasamba m'manja n'kukanya mbamu yanga yoyamba, ndidamva ngati ndafika kumudzi.

Ndili pakati pa kudya ndidayang'ana anyamata operekera ndi ophika, ambiri a iwo obwera kumene kuchokera ku India, ndipo ndidaganiza za munthu uja wa mtengo paphewa. Pa nthawi yake iye ndiye adali mnyamata wa ku Bangladesh. Mhainan wa khofi naye chimodzimodzi, Mteochew wa chiwaya chimodzimodzi. M'mbale zimene khonsolo ikuteteza, zochuluka zidatsika m'chombo pa doko lomwelo, zili m'mutu mwa munthu wosauka wosadziwa chiyankhulo cha eni dziko. Nditabwerako, mu Disembala 2024, ndidamva kuti UNESCO yalemba kadzutsa wa ku Malaysia m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu, poyamikira kuti nasi lemak, roti canai ndi teh tarik zimasonkhanitsa mitundu yosiyana. Ndidakondwera nawo. Ndidangodzifunsa kuti kodi mtundu umayamba kuwerengedwa patatha zaka zingati chitsikire m'chombo.

Mwina nkhaniyi sikadandilowa chonchi pakadapanda msuweni wanga. Adapita ku Johannesburg mu 2011 n'kuyamba ndi kutsuka mbale m'lesitilanti ina ya zakudya za Chipwitikizi. Ankayang'ana, monga mnyamata uja. Lero nkhuku ya piripiri imene anthu amaimirira pa mzere pamalopo amawotcha ndi iye, mwana wa kwa Kachindamoto amene nyanja yamchere sadaiwolokepo. Pa pepala la zakudya adalemba kuti kaphikidwe kake n'ka agogo a mwini malo. Iye amakhala kuseri kwa chitseko, ndipo kasitomala akafuna kuthokoza wophika amatuluka ndi wina. Mu 2015, pamene alendo ankasakidwa ku Durban ndi ku Johannesburg, boma lathu n'kutumiza mabasi okatenga anthu, iye adagona masiku angapo m'chipinda chosungira mbatata ndi anyezi, m'mawa n'kudzuka kukoleza moto wowotchera nkhuku za anthu a dziko lomwelo. Nditamuuza pa foni za lamulo la ku Penang adaseka kwambiri. "Bola kumeneko amachita kulemba, asuweni. Kuno salemba, umangodziwa wekha pomwe uyenera kuima."

Tsiku lomaliza ndidapita ndekha ku kopitiam kuja, mlongo wanga ali m'kalasi. Ndidafika mochedwa, cha m'ma 1 koloko, mvula itayamba kugwa ija ya kumeneko yosachenjeza. Anthu adali atatha, agogo a nyuzipepala atapita, ophika ena akukwecha miphika. Ndidaitanitsa kopi-O popanda kuchita chibwibwi, ndipo ndidadzimva kuti ndine munthu. Mkulu wa char koay teow adali atakhala pa tebulo lapafupi ndi kangolo kake, miyendo atatambasula, akusisita bondo. Ndidafunsa ngati kwatsala kanthu. Adagwedeza dzanja kuti zatha.

Kenako adanena mawu awiri atatu kwa mnyamata uja, osamuyang'ana. Mnyamata adapukuta manja, kusonkhezera makala otsala, kuika chiwaya pamoto. Adatola zotsalira za m'mabeseni, zingwe zoduka, ma prawns atatu ang'onoang'ono, mphukira zofota. Chitsulo chidayamba kulira pa chitsulo chinzake, ndipo ndikadakhala kuti ndatsinzina ndikadalumbira kuti ndi mkulu uja. Adapakula mbale ziwiri, ina n'kuika patsogolo pa bwana wake, ina n'kukhala nayo iye pa kampando kumbuyo kwa kangolo.

Ndidamukodola n'kumuuza kuti andigulitse yakeyo, ndilipira kawiri. Adaseka n'kuphimba mbale ndi dzanja. "Iyi si yogulitsa, boss."

Mkulu uja adadya mwakachetechete mpaka theka. Kenako adaloza mbaula ndi timitengo take todyera, n'kunena kanthu m'Chihokkien mokalipa pang'ono. Mnyamata adayankha m'chiyankhulo chomwecho, n'kugwedeza mutu. Ndidamufunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti ndafulumira kuthira dzira. Mawa ndidikire."

Mvula itachepa ndidalipira khofi wanga n'kuthamangira ku boti, chifukwa sitima ya ku Kuala Lumpur inkanyamuka pa Butterworth 4 koloko.